Agogo Anu ndi Mzere wa ku Greenwich

Tadala, ika foniyo pansi. Nawenso Mphatso, chotsa timawayato m'makutu. Mwandifunsa nokha kuti ku London kuli zotani zoti mukaone pa ulendo wanu wa sukuluwu, ndiye mumve. Mukhoza kundiyankha m'Chingerezi chanucho, ndinazolowera, koma makutu okha akhale a Chichewa.

Ku London ndimakudziwa bwino ine, ndapitako kambirimbiri chibwerereni m'dziko muno. Ku Peckham kuli sofa wofiirira amene ukakhalapo sudzuka wekha, mpaka wina akukoke dzanja. Ku Croydon kuli kapeti wamaluwa amene eni ake salola kuti umuponde ndi nsapato, ndiye uonetsetse kuti sokosi zako n'zosabooka. Kulinso makatani abwino kwambiri, ena ofika pansi. Mukuseka, koma izi ndi zimene ndinaona kwa zaka zambiri, ndipo ndinazionetsetsa.

Ine ndinabwera kuno poyamba, ndekha, kudzagwira ntchito ya unamwino pachipatala cha kuno ku Bolton, amayi anu Chikondi ali kamtsikana ka sekondale. Ndinatsika ndege ku London nditavala juzi imodzi, poganiza kuti kuzizira kwa kuno ndi ngati kwa ku Dedza mwezi wa Juni. Amene anadzandilandira ndi Anaphiri, mnzanga amene tinaphunzira naye unamwino kwathu. Atangondiona anavula chikhothi chawo n'kundiveka. Chinkandifika m'mapazi, chifukwa Anaphiri ndi aatali ngati mtengo wa bulugamu. Sofa wa ku Peckham uja ndi wawo.

Agogo anu aamuna anabwera pambuyo pake ndi amayi anu. Inu munawadziwa ali kale pachikuku, akulankhula mawu amodziamodzi, ndiye mumaganiza kuti anabadwa chomwecho. Kwathu ku Ntcheu anali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo mawu awo ankamveka mpaka kuchigayo. Ngakhale kuno, kumene ankagwira ntchito yosambitsa ndi kudyetsa okalamba, Amalawi onse ankawaitana kuti Aphunzitsi.

Phunziro limene ankalikonda linali la maiko ndi mapu. Sukulu yawo inalibe mpira uja wosonyeza dziko lapansi, umene uli kuchipinda kwanu mukuugwiritsa ntchito yokolekapo zipewa. Iwo ankapita ndi dzungu. Dzungu lili kale ndi mizere yake yochokera pamwamba mpaka pansi, ndiye ankasankhapo umodzi n'kuudutsitsa choko. Ankati, "Uwu ndi mzere wa Greenwich. Umagawa dziko pawiri, uku kum'mawa, uku kumadzulo. Nthawi ya dziko lonse amaiwerengera kuyambira pamenepa. Koma ndi mzere wongoyerekeza, simungauone ndi maso." Akaweruka ankabwera nalo dzungulo kunyumba. Ndaphika dziko lapansi kambirimbiri ine, nthawi zina lothira nsinjiro.

Atafika kuno sanadandaule za kuzizira kapena za ntchito. Anadandaula chinthu chimodzi, kuti mzere uja anaudutsa ali m'tulo mundege. Anali atamva kuti ku London kuli kaphiri kotchedwa Greenwich, ndipo pamwamba pake pali nyumba yakale yoonera nyenyezi, pamene mzerewo umadutsa. Ndinawafunsa kuti mukaonako chiyani poti eni akenu mumati suoneka. Anandiyankha kuti, "Mayi a Chikondi, ndikufuna ndikaime pamene ndinkalozapo." Anangonena kamodzi komweko, chifukwa sanali munthu woumiriza. Koma tikati tikupita ku London, ankapukuta nsapato zawo zakuda mpaka kuwala.

Inu masiku ano mumatha kupita mumzinda wa eni, kudya, kujambulitsa, n'kubwerako, abale anu okhala komweko n'kudzazionera pafoni. Ife sitinaleredwe choncho. Ulendo unkayamba ndi kudziwitsa anthu. Ukangodziwitsa mmodzi, nkhani imafika ku Liverpool tsiku lomwelo, ndipo pofika Lachisanu pakhomo pako pamakhala pataunjikana katundu wotumidwa. Uyu kajumbo ka usipa kopita kwa mlamu wake, uyu chitenje, uyu mtedza umene wina wabwera nawo kuchokera ku Kasungu. Wina wa ku Newcastle anatitumako mpaka mpando wa mwana. Tinkakwera basi ku Manchester m'mamawa titasenza ngati tikusamuka, usipa uja ukudziwitsa basi yonse kuti muli Amalawi.

Tikafika kwa Anaphiri pamayamba moni. Si moni wanu uja wokweza chibwano ayi. Umakhala pansi kaye, n'kudikira. Kenako aliyense wa m'nyumbamo amabwera payekhapayekha, kukufunsa mmene wayendera, mmene wasiyira kunyumba, za ana, za kuntchito, za mwendo uja unkapweteka chaka chatha. Akamaliza ndi iwe amapita kwa amuna ako kukafunsa zomwezo, ngati kuti munakwera mabasi osiyana. Iwenso umabweza mafunso onsewo. Moni akatha, m'pamene Anaphiri ankapita kukatulutsa nkhuku mufiriji, ili gwa ngati mwala. Iwo sankayamba kuphika mlendo asanafike, ankati zimaoneka ngati ukufuna adye msanga azipita.

Chakudya chikapsa pamafunika pemphero, ndipo opemphera anali agogo anu, poti anali mkulu wa mpingo. Apa ndiye ankadzipweteka okha. Munthu amene ankafuna nthawi yokaona mzere ndi yemweyo amene ankapempherera odwala a ku Malawi boma ndi boma, kuyambira ku Chitipa. Ine ndinkatsegula diso limodzi kuyang'ana wotchi pamene iwo ali cha ku Nkhotakota.

Tikati tsopano titsanzike, Anaphiri ankati, "Koma simungabwerere osakawapepesa a Mbewe ku Croydon, anataya mayi awo mwezi watha." Ku London nthawi zonse kunkakhala wina woti wataya mayi ake, kapena wabereka, kapena watuluka m'chipatala. Tinkapita. Kumeneko moni ankayambiranso poyamba, ndiponso kunali nkhuku ina. Potuluka dzuwa limakhala litapendeka, ife n'kumathamangira basi ya ku Manchester, otiperekeza ali pambuyo ndi katundu wina wopita ku Liverpool.

Ndiye zinthu zotchukazo ndinkazionera pawindo. Wotchi yaikulu ija ya pansanja yaitali ndinaiona theka, basi ina itatitchinga. Nyumba ya mfumu ndinaona mpanda wake, ndi mpanda wabwino ndithu. Mlatho umene umatseguka pakati ndinkauona kawirikawiri, chifukwa unajambulidwa pachitini cha mabisiketi cha Anaphiri. Basi ikamatuluka mumzinda, agogo anu ankayang'ana nsapato zawo n'kunena kuti, "Ulendo wina, mayi a Chikondi."

Tsiku lina ndinawauza kuti tingopita mwakachetechete, tikaone mzerewo n'kubwerako. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Anati, "Tilowe m'mudzi mwa eni ngati akuba? Anaphiri akadzamva tidzaika kuti nkhope?" Sindinabwerezenso. Ndipo musamve ngati ndikuwanyoza anthu aja. Ndimawakonda kwambiri. Mayi anga atamwalira ku Ntcheu ine ndili pashifiti, ndi iwowo amene anadzaza basi kubwera kuno ku Bolton, n'kukhala nane pansi pabalaza pano mpaka ndinasiya kunjenjemera. Munthu wotero sungamudutse pakhomo.

Zaka zinapita choncho. Amayi anu anakwatiwa, inu munabadwa, ine mawondo anayamba kulira ndikamakwera masitepe. Kenako agogo anu anagwa kubafa ndi sitiroko, mbali ya kumanzere n'kufa. Mtima nawonso unali utatopa, ndipo adokotala ananena mosabisa kuti ulendo wautali wa pandege asauganizirenso. Ine ndine namwino, ndinamva zimene ankatanthauza. Iwonso anamva. Nyumba yathu ya ku Ntcheu inali itangotha kumene, yakhonde loyang'ana kumapiri, ndipo anali asanagonemo ngakhale kamodzi. Anasiya kufunsa zithunzi zake. Zimenezi zinandiwawa kuposa kuwaona pachikuku.

M'mawa wina ndikuwameta ndevu, anagwira dzanja langa ndi dzanja lawo labwino lija n'kunena kuti, "Greenwich." Ndinati, "Ndiwaimbire Anaphiri?" Anandiyang'ana, thovu lili kumaso. Kenako anapukusa mutu.

Ndiye tinapita ngati akuba aja. Amayi anu tinangowauza kuti tikukapitidwa mphepo. Tinakwera sitima, osanyamula usipa wa munthu aliyense, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinafika ku London manja ali opepuka. Foni ndinazimitsa. Duku ndinalisiya, ndinavala chipewa chachikulu kuti Mmalawi akandiona aganize kuti ndine wa ku Ghana.

Apa tsono mverani, chifukwa ndi pokhapa pamene ndingakulangizeni zenizeni. Mukakwere boti pamtsinje. Ife tinakwerera pafupi ndi wotchi yaikulu ija, ndipo ndinaiona yonse, theka linalo lilipo. Tsidya lake kuli chigudumu chachikulu chimene anthu amakwera, n'kuzungulira pang'onopang'ono, n'kudzatsikira pomwe anakwerera. Anthu anali pamzere wautali kudikira zimenezo. Tinadutsa tchalitchi china chadenga lozungulira ngati mphika wovundikira, tinadutsa linga lakale kumene amati ankatsekerako anthu olakwira mfumu, kenako mlatho wa pachitini uja. Sunatseguke. Boti lathu linali laling'ono, sunaone chifukwa chovutikira. Ndinawafunsa agogo anu kuti mtsinjewu akuuona bwanji. Anayang'ana madziwo nthawi yaitali n'kunena kuti, "Mulibe mvuu."

Titatsika ku Greenwich tinalowa m'paki yaikulu yaudzu wometedwa bwino, ndipo nyumba yoonera nyenyezi ija inali apo, pamwamba. Agogo anu ankati kaphiri. Mwina kwa munthu wa ku Ntcheu woyenda ndi miyendo yake ndi kaphiri. Kwa mayi wamawondo olira amene akukankha mwamuna wake pachikuku, ndi phiri lenileni. Ndinakankha, ndinakankha, thukuta lili kamukamu, kenako chikuku chinayamba kundikankha ine. Tinabwerera chambuyo mpaka pamene tinayambira, agogo anu ali phee ngati akwera basi.

Pamenepo panabwera mzungu wina wamphamvu zake, wovala kabudula wothamangira, n'kundifunsa mwaulemu ngati ndikufuna thandizo. Ine ndinayankha mmene mayi anga anandiphunzitsira, ndinati ayi zikomo, tili bwino. Kwathu munthu suvomera ulendo woyamba, umakana kaye kuti winayo aumirire, kenako umavomera monyinyirika. Ndinali nditakonzeka kale kumusiyira chikukucho. Iye anamwetulira, anandifunira tsiku labwino, n'kuthamanga kukwera phiri lomwelo. Zaka zonsezi ndakhala m'dziko muno, koma pa nthawi yofunika pakamwa panga panayankha Chintcheu.

Ndinayesanso, koma sindinafike ngakhale pamene ndinafika poyamba. Ndinakhala pabenchi ndili wefuwefu. Dzuwa linali litapendeka, ndipo pamwamba paja amatseka chakumadzulo. Agogo anu anayang'ana nyumba ija, kenako anayang'ana ine, n'kunena pang'onopang'ono kuti, "Ulendo wina, mayi a Chikondi." Ana inu, ndinachita mantha. Tonse awiri tinkadziwa kuti ulendo wina kulibe. Ndinatulutsa foni n'kuiyatsa.

"Anaphiri, ndine."

"Nangozo! Ku Bolton kuli bwanji?"

"Sindikudziwa. Ndili ku London."



"Muli kwa ndani?"

"Kwa munthu aliyense ayi. Tili m'munsi mwa phiri ku Greenwich, ndi Aphunzitsi. Ndalephera kuwakweza."

"Musachoke pamenepo."

Ndikanachoka kupita kuti? Anafika pa takisi ndi amayi awiri a kumpingo kwawo, onse ogwira ntchito yosamalira okalamba, akadali m'mayunifolomu. Mmodzi anali wa ku Zambia. Anaphiri sanandiyang'ane n'komwe. Anapita molunjika kwa agogo anu, n'kugwada pa udzu paja ndi msinkhu wawo wonsewo, n'kuyamba, "Aphunzitsi, takulandirani. Kaya mwayenda bwanji?" Amayi awiri aja anaima pambuyo pawo kudikira nthawi yawo. Ine ndinayang'ana dzuwa.

Agogo anu anakweza dzanja labwino lija. Munthu amene moyo wake wonse sanadulepo moni wa wina pakati anati, "Anaphiri, moni tikapatsana pamwamba."

Anaphiri anawayang'ana modabwa. Anati, "Ee, zafika pamenepo?" Anadzuka, n'kumanga chitenje m'chiuno. Wa ku Zambia uja anagwira chikuku, anachiyesa, n'kunena kuti, "Ni opepuka maningi aba, tiyeni!" Ananyamuka nacho atatu ngati akukankha wilibala yopanda kanthu, ine ndikutsatira pambuyo ndi chipewa changa m'manja.

Anaphiri anandikalipira njira yonse osatembenuka. "Zaka zonsezi phiri ili lili pafupi ndi kwanga, inenso sindinalikwerepo. Bwanji simunanene kuti Aphunzitsi akulifuna?"

"Tinkati tinene, inu munkati nkhuku yatsala pang'ono kupsa."

"Ndiye mukanadya yosapsa?"

Ine ndinangopitiriza kukwera, mpweya ndinalibe.

Tinafika asanatseke. Kuchokera pamwamba paja London yense amaoneka, mtsinje ukukhota, nyumba zagalasi zitaima tsidya. Mukaone zimenezo, n'zokongola. Agogo anu sanayang'aneko. Maso awo anali pansi, pabwalo la miyala, pamene panali kachitsulo kowala, kopyapyala ngati lamba, kodutsa kuchokera kukhoma kupita kumpanda. Anthu a mitundu yonse ankatangadza miyendo pamenepo, phazi lina uku lina uku, n'kumajambulana. Tinadikira mpaka anachepa.

Agogo anu anakayang'anitsitsa kachitsuloko, kenako anati, "Ndinkawauza ana kuti suoneka." Anapuma kaye, poti mawu ankabwera movutikira. "Wolemba kuti umaoneka ndinkamulakwitsa ndi inki yofiira." Anapumanso. "Anaika chitsulo osatiuza."

Amayi aja anaseka mpaka kugwirana. Ine ndinati tikankhe chikuku kuti gudumu lina likhale uku lina uku, tiwajambule ngati anzawo. Anakana. Anati, "Ndiimitseni." Amayi awiri aja ndi ntchito yawo imeneyo, anawagwira m'khwapa mwaluso n'kuwadzutsa. Agogo anu anaponya phazi lamanja kutsidya kwa chitsulo chija. Lamanzere linatsalira, ndipo wa ku Zambia uja anawerama kuti alinyamule, koma iwo anapukusa mutu. Analikoka okha, pang'onopang'ono, nsapato ikukhula pamwala, mpaka linawoloka.

Anaima n'kuloza kumbuyo ndi chala. "Bolton ili uko, kumadzulo." Kenako anagunda pansi ndi phazi labwino lija. "Kuno ndi kum'mawa. Ine ndi Ntcheu tsopano tili mbali imodzi."

Kuseka kunatha. Ndinaona Anaphiri akuwoloka kachitsulo kaja mwakachetechete, ndipo nanenso ndinawoloka. Tinaima tonse kumeneko, anthu akuluakulu, pabwalo la eni, tikuyang'ana mitengo ya m'paki ngati kuseri kwake kuli Ntcheu. Ine ndinalira, sindibisa. Ndinadziwa kuti apa ndi pamene mwamuna wanga wayandikira kwawo komaliza.

Tinawakhazika pachikuku mbali yomweyo, ndipo Anaphiri anagwada n'kupereka moni wawo uja, wonse, osadumpha mwendo wopweteka. Amayi enawo anaperekanso wawo. Agogo anu anayankha aliyense, ndipo nthawi imeneyi sindinayang'ane wotchi.

Kenako wogwira ntchito pamalopo anayamba kuuza anthu kuti akutseka. Ndinkaganiza kuti ndiwauza bwanji agogo anu kuti awolokenso, abwerere kumene adokotala anawatsekera. Anaphiri anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Palibe amene ankafuna kugwira chikuku.

Agogo anu ndi amene anayamba kulankhula. Anati, "Mayi a Chikondi, mawa kuli sukulu?"

Ndinati, "Ee, mawa ndi Lachiwiri."

"Ana aja poweruka amadutsa pawindo. Akapeza palibe munthu." Anagwira gudumu ndi dzanja limodzi lija n'kuyamba kulitembenuza okha. "Ndibwezeni."

Sanayendenso ulendo wina, chisanu chotsatira ndi chimene chinawatenga. Koma titabwerako, mawa lake lija anandiuza kuti ndiwaike pawindo nthawi isanakwane n'komwe, ali otopa moti mutu unkangogwa. Inu munatulukira pakona paja ndi amayi anu, mukulimbirana paketi ya tchipisi. Iwe Mphatso sunayang'ane n'komwe. Iwe Tadala unakweza dzanja, maso ali patchipisi, n'kudutsa.

Agogo anu anakutsatirani ndi maso mpaka munakhota. Kenako anamwetulira mbali imodzi ija, n'kunena kuti, "Tachita bwino kubwerako."